Zolemba za holide yayitali: makompyuta, netiweki ndi zonse zapasukulu

Sabata yoyamba, Lolemba

Ana atsekera Lachisanu lapitali nde lero ndayambapo. Tili ndi masabata 6 okha oti tione chilichonse chomwe chimalumikizidwa kumagetsi kapena kunetiweki pasukulu pano, labu, ofesi, laibulale, sitafu rumu mpaka mapulojekita am'makalasi. Ulendo uno ndizilemba zonse, chifukwa chaka chatha zambiri ndinangozisunga m'mutu ndipo temu itayamba zinasokonekera, sindimadziwanso kuti kompyuta iti ndinaitsegula ndi iti ndinangoiyatsa nkudutsa.

Choyamba kuwerenga katundu. Buku likuti makompyuta apadesiki alipo 64, malaputopu 30, mapulojekita 12. Ndayenda chipinda ndi chipinda kope kumanja, apadesiki ndapeza 58. Sikuti enawo anabedwa ayi, 4 ndawapeza kosungira katundu ataunjikidwa kuseli kwa mipando yothyoka, awiri anapita kokakonzedwa kalekale ndipo palibe analemba zoti anabwerako kapena ayi. Iliyonse ndikuimata kapepala ka nambala nkulemba siriyo nambala yake, chipinda chomwe ili, RAM (memori yomwe imagwirira ntchito ikayaka), mtundu wa disiki ndi purosesa. Ndi ntchito yodya nthawi koma popanda iyi zina zonse zimakhala zongoganizira.

Ndadziikira lamulo limodzi, palibe chomwe ndilembe kuti "chikugwira" ndisanachiyese ndi manja anga.

Lachiwiri

Tisanatsekere ndinapempha aHedi kuti mphunzitsi aliyense alembe pakapepala zomwe zinamuvutitsa temu yonseyi, olo zioneke zazing'ono bwanji. Lero ndakhala pansi nkuwerenga timapepalato, ndipo ndi tomwe tanditsegula maso kuposa kuyenda konse kwa dzulo. Wina walemba kuti pulojekita ya m'kalasi mwake imazima yokha phunziro lili mkati. Wina akuti cha m'ma 10 m'mawa intaneti imangothawa kwa ana ena pomwe anzawo pambali pomwepo ikugwira bwinobwino. Mayi akulaibulale akuti kompyuta yawo m'mawa uliwonse imakana kutsegula mawebusayiti, imati malowo ndi osatetezeka. Aphunzitsi a sayansi akuti anasiya kale kupita ndi ana kulabu chifukwa mphindi 15 zoyambirira zimathera kudikira makina ayake.

Chomwe chandigwira mtima nchakuti zonsezi lero sizikuoneka. Ndayatsa pulojekita ija yayaka bwinobwino. Intaneti ikuthamanga. Sukulu yopanda ana imanamiza, muli wekhawekha, kunja kuli zii, netiweki yonse ndi yako, nde chilichonse chimaoneka chabwino ndipo utha kulemba lipoti lokoma nkupita kunyumba, kenako tsiku lotsegulira ana 40 akangokhala pamipando nkuyatsa nthawi imodzi mavuto onse aja nkubwerera momwe analili. Nde ntchito yanga holide ino ndi kupeza njira yoti vuto lililonse lomwe lalembedwa patimapepalati ndiliyambitse dala ndekha, ndilione ndi maso, kenako ndilikonze. Ngati sindinalione ndiye kuti likadalipo.

Lachinayi

Dzulo ndi lero fumbi. Makina onse a mulabu tawatulutsa pakhonde ndi mnzanga yemwe amandithandiza, kutsegula mbali imodzi nkupemerera ndi bulowa. Ndamuuza kuti popemerera azigwira fani ndi chala isamazungulire, chifukwa mphepo ija imaithamangitsa mopyola ndipo imatha kuiwononga. Ena fumbi lake linachita kuumbika ngati kabulangete pakati pa fani ndi chitsulo choziziritsa purosesa, ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, nde mwana amangoona kuti kompyuta ikuchedwa osadziwa kuti ikubanika.

Pulojekita ija ndinaisiya yoyaka ndili pomwepo nkumachita zina, patatha mphindi 35 yazima, kanyali kofiira nkumaphethira. Kutsegula pambali, fyuluta yatsekeka ndi fumbi la choko moti mpweya sumadutsa. Ndatsuka, ndaumitsa, ndabwezera, yakhala maola atatu osazima. Ndalowanso mu menyu ya pulojekita iliyonse kuona maola omwe babu layaka, atatu ali pafupi kutha ndawalemba pogula. Mababu amenewa ali ndi mekyule mkati, sitingangowaponya mubini. Ndipo ndiwakumbutsa aphunzitsi kuti akazimitsa asamathamangire kuzula pulagi, fani ija imayenera izungulire kaye babu lizizire.

Ya kulaibulale inali yosavuta koma ndi yoti munthu aidziwe. Nditaiyatsa ndayang'ana pakona pomwe pamakhala nthawi, deti ikuonetsa ya zaka zambiri zapitazo. Pa mathabodi pamakhala kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka mavoti 3, komwe kamasunga nthawi makina akazima. Kakatha, wotchi imabwerera m'mbuyo ukangozimitsa kukhoma, nde bulawuza ikayang'ana satifiketi ya webusayiti imaona ngati masiku ake sanakwane, basi nkukana. Ndayeza ndi mita kakuwerenga pansi pa mavoti 2. Ndasintha, ndakonza nthawi mu BIOS (menyu ya pa mathabodi yomwe umalowamo Windows isanayambe), ndazula pulagi kwa ola lathunthu, poyatsanso deti ili m'malo. Mayi aja avutika nazo temu yonse izi chifukwa cha kanthu kochepa ngati batani la malaya. Ndaganiza zoyeza timabatireti pamakina onse tikadali chitsegulire, tina 17 tasinthidwa.

Sabata yachiwiri, Lolemba mpaka Lachitatu

Apa mpomwe pali mutu waukulu. Makina athu onse ali pa Windows 10, ndipo tsiku lomwe Microsoft inaika losiya kupereka ma update wamba achitetezo a Windows 10 ndi 14 Okutobala 2025. Office 2016 ndi Office 2019 nawonso tsiku lake ndi lomwelo. Kompyuta siizima tsiku limenelo, imayakabe ngati kale, kungoti bowo lililonse latsopano lomwe akuba apeza limakhala chitsegukire. Pali dongosolo lawo lowonjezera nthawi lomwe amalitcha ESU koma ilo nlongogulira nthawi basi, ndipo ine sindikufuna tizimangira mapulani a sukulu pamenepo.

Windows 11 ili ndi zofuna zake, RAM yosachepera 4 GB, malo 64 GB, Secure Boot (choletsa mapulogalamu osadalirika kulowerera makina akamayaka), TPM 2.0 (kachipangizo kachitetezo kosunga makiyi), komanso purosesa yomwe ili pamndandanda wawo, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8, kwa AMD kuyambira Ryzen 2000. Nditayendetsa PC Health Check, pulogalamu yoyeza ngati kompyuta ingalandire Windows 11, pamakina 62 omwe alipo, 23 okha ndi omwe anadutsa. Ndinada nkhawa. Koma poyang'anitsitsa ndinaona kuti 14 mwa okanidwawo purosesa yawo ndi yabwinobwino, akungodandaula za TPM. Nde ndinalowa mu BIOS ya imodzi, ndipo ilipo TPM yo koma yozimitsidwa, pamakina a Intel amailemba kuti PTT, pa AMD amati fTPM, dzina loti TPM penapake silioneka nkomwe. Kuyatsa, kusunga, kuyambitsanso, kulemba tpm.msc, ikuonetsa 2.0. Onse 14 adutsa. Zinandipatsa mphamvu zimenezi chifukwa panali kale maganizo oti makina amenewo alembedwe kuti ndi otha ntchito.

Otsala 25 ndi akaledi, Windows 11 siingalowe mwa njira yoyenera. Zilipo njira zoikakamiza koma pamakina a sukulu ine ayi, tsiku lina update idzakana temu ili mkati nde tidzasowa pogwira. Mwa amenewo 6 ndawapatula akhale a masipeyala, ena mathabodi anatupa makapasita. Pa 19 enawo ndinaganizira ziwiri zolowa m'malo mwa Windows, ChromeOS Flex yomwe Google inatulutsa mu 2022 kapena Linux Mint. Flex ndi yopepuka zedi koma zambiri zake zimadalira intaneti, ikadula ana atha kungokhala manja lende. Ndasankha Mint 22, yomwe izilandira ma update mpaka 2029, imabwera ndi LibreOffice yolembera zikalata ndi bulawuza ya Firefox, ndipo maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi zomwe ana anazolowera, menyu ili pansi kumanzere komweko.

Ndinayesa kaye imodzi. Ndi hadi disiki yake yakale ija yozungulira inatenga mphindi zoposa zitatu kuti mwana athe kutsegula chikalata. Nditaika SSD, disiki yamakono yosazungulira, nkuwonjezera RAM kufika 8 GB kuchotsa pa a masipeyala aja, sinafike ndi theka la mphindi lomwe. Mwa zonse zomwe munthu angaike mu kompyuta yakale palibe choposa SSD, ndipo ndawalembera aHedi kuti ngati ndalama zili zochepa tiyambire pamenepo, zina zidikire. Ndakonza imodzi momwe ndikufunira nkuikopera yonse ndi pulogalamu ya Clonezilla kuti ndingothira pa zinazo.

Chinanso, aphunzitsi ena ali ndi timapulogalamu takale ta maphunziro tomwe timafuna pulogalamu ya Flash kuti tiyende, ndipo Adobe inasiya Flash kumapeto kwa 2020. Sindingatibwezeretse. Ndilankhula nawo tipeze zina zolowa m'malo, osati kungowafufutira iwo osadziwa.

Lachisanu

Malaputopu. Atatu ndawapeza mabatire atatupa, imodzi mpaka pomwe timayendetsa chala paja patukuka, chivundikiro chapansi changanuka. Batire la lifiyamu likafika pamenepo silofunika kulichajanso olo kulibaya olo kulipanikiza kuti litsekeke, litha kuyaka. Ndawachotsa mosamala ndawaika mu chidebe chachitsulo kutali ndi mapepala mpaka apite kotayira zinthu zamagetsi. Malaputopu onse anasiyidwa mu kabati yochajira ali pamoto usana ndi usiku chipinda chotentha, ndipo mabatire amenewa sagwirizana ndi kukhala pa 100 nthawi zonse. Otsalawo ndawatsitsa kufika cha pa theka nkuwazimitsa, ndidzawachaja sabata yotsegulira. Machaja 5 mawaya ake asupuka pakhosi, achotsedwa.

Sabata yachitatu, Lachiwiri

Netiweki. Ndayamba ndi kabati yomwe muli ma switch, timabokosi tomwe mawaya a netiweki amakumanirapo, mawaya ali piringupiringu palibe olo mmodzi wolembedwa kuti akupita kuti. Tsiku lonse la dzulo linathera pomwepo, mnzanga kuchipinda ndi tesita ine kukabati, akalumikiza andiimbira, ine nkumata nambala mbali zonse ziwiri.

Poyang'ana timagetsi ta pa switch ndinaona kuti tambiri ndi tobiriwira koma tinayi ndi tachikasu, ndipo pa switch yathuyi chikasu chimatanthauza kuti mzerewo ukuyenda pa 100 Mbps m'malo mwa 1000. Kamodzi mwa timeneto kanali ka kebulo yomwe imadyetsa labu yonse. Kebulo ya netiweki ili ndi timawaya 8 mkati, topotana tiwiritiwiri. Kuti ithamange pa gigabit pamafunika tonse 8, koma pa 100 Mbps pamangofunika 4, nde kamodzi kakaduka makina sadandaula, amangogwirizana mwakachetechete kuti tiyeni tiziyenda pang'onopang'ono, palibe uthenga uliwonse womwe umabwera. Tesita inaonetsa nambala 7 siikuyaka. Kuyang'ana kamutu kaja pafupi, kawaya koyera ndi bulawuni sikanafike kumapeto, yemwe anafinya anakadula mofupika ndi mamilimita awiri mwina. Ndadula mutu ndaika wina, kutsatira ndondomeko ya T568B, kanyali kasanduka kobiriwira. Makompyuta 40 akhala akugawana kanjira kopapatiza chonchi kaya kwa zaka zingati.

Ina ya kuholo ndi yaitali mopyola. Malire a kebulo ya kopa ya mtundu uwu ndi mamita 100, iyi poyenda nayo ndi tepi yadutsa. Imagwira masiku ena, masiku ena ayi. Mankhwala ake ndi kuika ka switch pakati kapena kukoka faiba, ndalemba zonse ziwiri aHedi asankhe.

Ndayatsanso spanning tree pa ma switch omwe amalola, chifukwa mwana akhoza kutenga kebulo imodzi nkulowetsa mitu yonse iwiri m'mabowo apakhoma, uthenga nkumangozungulira mpaka netiweki yonse kuima. Mabowo omwe sakugwiritsidwa ntchito ndawatseka.

Lachinayi

Lero ndalipeza vuto la 10 koloko lija ndipo mtima wakhala pansi.

Poyamba ndimaganiza kuti ndi Wi-Fi, ndipo kumeneko kunalidi zokonza. Ma access point (timabokosi toulutsa Wi-Fi) onse 7 anali pa tchanelo chimodzi cha 2.4 GHz, kumalankhula mopikisana. Pa 2.4 matchanelo omwe sapondana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11, nde ndawagawa kuti oyandikana asafanane, ndachepetsako mphamvu, ndipo zida zomwe zimatha 5 GHz ndazikankhira kumeneko. Koma izi sizimalongosola chifukwa chomwe mwana mmodzi amakhala ndi intaneti mnzake wapambali alibe.

Nde ndinachita zomwe ndinanena zija. Ndinayatsa chilichonse, makompyuta onse a mulabu, a muofesi, malaputopu 27, maprinta, foni yanga, ya mnzanga, ya alonda, ndi matabuleti akale omwe ndinawapeza mu kabati. Kwa kanthawi zonse bwinobwino. Kenako laputopu ina inakana, ikuonetsa kuti yalumikizidwa koma palibe chikutseguka. Kulemba ipconfig, adiresi yake ikuyamba ndi 169.254. Nambala imeneyo kompyuta imadzipatsa yokha ikapempha adiresi koma palibe woiyankha. Kupita pa seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa netiweki yathu, kuyang'ana DHCP yomwe imagawa maadiresiwa, yemwe anaikonza poyamba anaipatsa maadiresi oyambira 100 kulekeza 200 basi, 101 okha, ndipo aliyense akatenga amakhala nayo masiku 8 monga momwe Windows Server imabwerera. Nthawi imeneyo mwina zida zinali zochepa. Pano mphunzitsi aliyense ali ndi foni, mlendo akabwera kamodzi nkulumikiza foni yake adiresi ija yapita sabata yathunthu. M'mawa oyambirira kufika amatenga, ikamakwana 10 maadiresi atha, obwera m'mbuyo amangoona kazizindikiro ka Wi-Fi kodzadza koma kopanda kanthu. Ndipo aliyense amaloza chala kampani ya intaneti pomwe vuto lili m'nyumba momwemo.

Netiweki ya mtundu wathuwu malire ake ndi maadiresi 254, omwenso sangatikwanire nthawi yaitali, nde ndagawa patatu, ya ofesi payokha, ya ana payokha, ya mafoni ndi alendo payokha yomwe adiresi imabwezedwa pakatha maola 8. Kugawaku kwathandizanso kwina, poyamba mwana ali mulabu amatha kuona kompyuta ya muofesi momwe muli zotsatira za mayeso. Ndayatsanso zonse kachiwiri, palibe yakana.

Sabata yachinayi, Lolemba

Tsiku lolemera ili. Ndimafuna ndingotsimikiza za bakapu, kope lapadera la mafayilo athu, nkupitirira, chifukwa pulogalamu yake usiku uliwonse imalemba kuti zatheka, mzere wobiriwira tsiku ndi tsiku chaka chonse. Koma lamulo langa lija, ndinati nditenge fayilo imodzi ndiibweze ndione. Ndinasankha ya zotsatira za temu yathayi. Mu bakapu mulibe. Ya temu inayo mulibenso. Fayilo yatsopano kwambiri yomwe ilimo ndi ya miyezi 14 yapitayo.

Ndinakhala kaye chete kwa kanthawi. Chomwe chinachitika nchakuti disiki ya pa seva itadzadza, a muofesi anasamutsira foda yawo ku disiki ina, zomwe sizolakwika, koma pulogalamu ya bakapu palibe anaiuza, nde usiku uliwonse imakopera foda yakale yomwe palibe amaikhudza nkunena kuti zatheka. Siimanama, imachita zomwe inauzidwa. Disiki yatsopanoyo ikanafa tsiku lina lililonse m'miyezi 14 imeneyi, mayina a ana, magiredi, malipoti, makalata a makolo, zonse zikanapita. Ndipo nditaiyeza ndi CrystalDiskInfo ikuonetsa chenjezo lachikasu, magawo ena anayamba kale kuwonongeka. Sindikuloza munthu chala, nanenso ndinaona mzere wobiriwira uja kambirimbiri nkukhutira.

China, disiki ya bakapuyo imakhala cholumikizidwa ku seva nthawi zonse, pashelefu imodzi. Moto, madzi kapena wakuba atenga zonse pamodzi. Ndipo vairasi ya mtundu wotseka mafayilo nkumafuna dipo imagwira chilichonse chomwe chalumikizidwa. WannaCry mu Meyi 2017 inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri ku Britain, pomwe Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho, makina omwe inawagwira ambiri ndi omwe sanalandire update. Nchifukwa chake nkhani ya Windows 10 ija sindikuitenga mopepuka.

Lero lomwe ndakopera zonse ku disiki yatsopano ndisanachite china chilichonse. Tizitsatira njira ija ya 3-2-1, makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, imodzi ikhale kunja kwa nyumbayi. Madisiki awiri azisinthana Lachisanu lililonse, ina yolumikiza ina yotsekeredwa kwina, komanso kope lina pa intaneti lotsekedwa ndi kiyi. Ndalemba pa kalendala ya ofesi kuti sabata yoyamba ya mwezi uliwonse wina azisankha fayilo iliyonse yomwe wafuna ine ndiibweze iye akuona.

Lachitatu

UPS ya seva (bokosi la mabatire logwirizira magetsi akazima) nayo ndaiyesa njira yokhayo yoona, kuzula pulagi kukhoma seva nditaizimitsa kaye bwino nkulumikizapo makina ena olemera mofanana. Yalira masekondi 40 nkuzima. Mabatire ake a mavoti 12 aja amakhala zaka zitatu mpaka zisanu, m'chipinda chotentha safika nkomwe, ndipo awa deti yomwe yalembedwapo yapitirira. Ndaitanitsa ena. Ndalumikizanso kebulo ya USB yomwe inali ikadali mu pulasitiki yake, kuti magetsi akazima UPS iziuza seva idzitseke yokha mwadongosolo.

Sabata yachisanu

Maakaunti, sabata yonse. Ndapempha mndandanda wa aphunzitsi ndi ana omwe alipo pano nkuufananiza ndi zomwe zili mu makina. Maakaunti 11 a ogwira ntchito omwe anachoka akadali amoyo, ina ya munthu yemwe anachoka zaka zitatu zapitazo ndipo imatha kutsegula foda ya magiredi. Ndawatseka onse koma sindinafufute, mumakhala zinthu zina zomwe sukulu ingazifune. A ana omwe amaliza chaka chino ndawasiyira mpaka kumapeto kwa temu ikubwerayi kuti atenge ntchito zawo, uthenga wapita kudzera kuofesi.

Pasiwedi ya admin inali imodzi pamakina onse, ndipo ndaipeza italembedwa pakapepala pansi pa kiyibodi mu sitafu rumu. Ndikumvetsa chifukwa chake, mphunzitsi akufuna kuika pulogalamu phunziro layandikira ine kulibe, atani. Nde pochotsa kapepalako ndayeneranso kuchotsa chomwe chinakabweretsa, ndafunsa aliyense mapulogalamu omwe amafuna ndawaikiratu onse. Ndathetsanso lamulo lija loti pasiwedi izisinthidwa masiku 30 alionse, limangopangitsa anthu kuwonjezera nambala kumapeto nkuilemba pakhoma. Bungwe la NIST la ku America lomwe linasintha malangizo ake mu 2017, linati kukakamiza anthu kusintha pafupipafupi popanda chifukwa sikuthandiza, chofunika ikhale yaitali. Ndiwauza asankhe mawu anayi kapena asanu osagwirizana omwe angawakumbuke. Ku maakaunti a ofesi, aHedi ndi anga ndayatsa chitsimikizo chachiwiri cha pafoni. AHedi poyamba anati zichedwetsa ntchito, nditawaonetsa kuti pamakina awo omwewo siziwafunsa tsiku lililonse anavomera.

Malaputopu omwe aphunzitsi amapita nawo kunyumba ndayatsa BitLocker, yomwe imatseka disiki ndi kiyi kuti wakuba asawerenge zamkati, ndipo makiyi ake a manambala 48 aja ndasunga malo awiri, chifukwa kiyi ikasowa olo ineyo sindingatsegule.

Madisiki a makina 6 opuma aja sakutuluka pageti asanapukutidwe. Kufomata kwachangu kuja sikufufuta kanthu, kumangochotsa mndandanda, mafayilo amakhala momwemo ndipo munthu wodziwa amawabweza. Ozungulira ndikuwalembapo ziro kuyambira poyamba mpaka pomaliza, awiri omwe akukana kuwerengeka ndawaboola ndi dirilo. Fotokope yaikulu ya muofesi nayo ili ndi disiki mkati, ndawauza a ofesi kuti tsiku lodzaibweza kapena kuigulitsa adzandiitane kaye.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachitatu

Ndinapempha aHedi kuti aphunzitsi omwe angathe abwere m'mawa umodzi tisanatsegulire, abwera 16, ena ndi ana awo, zomwe zinandithandiza kwambiri chifukwa ana sakhudza kompyuta mwaulemu ngati ife. Ndinati aliyense apite m'kalasi mwake achite ndendende zomwe adzachite tsiku loyamba, ayatse pulojekita, alumikize laputopu, atsegule vidiyo, aprinte tsamba limodzi, ndipo ine ndisawathandize pokhapokha zitakanikiratu. Ana aja ndinawaika mulabu kuti ayatse makina onse atsegule YouTube paliponse nthawi imodzi.

Netiweki yapirira. Aphunzitsi a sayansi aja anaima pakhomo la labu ndi wotchi yapafoni, makina onse anali atayaka mphindi imodzi isanathe, anangoti "ndiye ndibwera nawo Lachiwiri" nkulemba dzina lawo pa ndandanda yapachitseko. Koma zatulukanso zina zomwe ndekha sindikanaziona. M'kalasi ina chithunzi chikuoneka koma mawu ayi, kebulo ya HDMI ya mkhoma ndi yomwe ili ndi vuto pomwe ine ndinayesa ndi yanga yaifupi. Printa ya mu sitafu rumu siikuoneka pamakina a Linux Mint, ndinaiwala kuti ndinaisamutsira ku netiweki ya ofesi. Mphunzitsi wina chikalata chake cha Word chasokonekera matebulo atachitsegula mu LibreOffice, vuto ndi mafonti, ndaika ena ofanana kukula kwake chakhala bwinoko koma osati kwenikweni, nde makalasi omwe amadalira Word kwambiri ndawapatsa mbali ya labu yomwe ili ndi Windows 11. Ndipo awiri pasiwedi yatsopano anali ataiwala kale, ndakonza zoti sabata yoyamba ndizikhala mu sitafu rumu nthawi yopuma.

Lachisanu

Printa yatheka, HDMI yasinthidwa, mabatire a UPS afika ndaika, ulendo uno yagwira mphindi 18 ndipo seva inadzitseka yokha bwinobwino. Ndabwezanso fayilo ina kuchokera mu bakapu mayi a muofesi akuona, anasankha okha kalata yomwe analemba dzulo masana, yatuluka. Mapu a netiweki, mndandanda wa katundu ndi malangizo a bakapu ndaprinta ndaika mu fayilo yapepala mu kabati ya aHedi kuti tsiku lomwe ine kulibe wina adzapeze poyambira.

Zomwe sizinathe, kebulo yakuholo ikudikira chiganizo cha faiba, mababu awiri a pulojekita sanafike, ma SSD afika 12 mwa 19 nde makina 7 ayamba temu ndi madisiki akale ndipo ndawaika mzere wakumbuyo, makompyuta awiri aja omwe anapita kokakonzedwa ndikuwalondolabe. Lolemba ndifika 6 koloko kuchaja malaputopu, ndipo ikamakwana 10 ndidzakhala pa seva kuyang'ana maadiresi momwe akutengedwera ana onse ali mkati.